Sipika yong'ambika ya ku Chiringa

Ku wailesi ya m'dera lathu anandipatsa mphindi zisanu zokha, Loweruka lililonse, kuti ndizinena za oimba akumudzi. Sindinkalandira kanthu, koma mphindi zimenezo ndinkazigwira ngati dzira. Chimalizireni Fomu Folo, panalibe china chomwe anthu ankandidziwira kupatula kupalira nandolo wa amayi.

Ku Chiringa kunali amuna anayi oimba nyimbo zomwe iwo ankati ndi roko. Ankaimba Lamlungu masana kuseri kwa chigayo, poti tsiku limenelo chigayo sichilira. Mtsogoleri wawo anali wokonza njinga, mnzanga wa ku pulayimale. Gitala yake inkayendera batire ya sola, ndipo sipika anachita kuing'amba dala ndi lumo kuti izilira mwaukali, mosasa mawu. Iye ankakuwa m'Chilomwe, ng'oma zikugunda, fumbi lili koboo! Amayi a mandasi ankatseka makutu koma osachoka. Ine ndinkazikonda nyimbozo, ndisaname.

Ndinajambula nyimbo imodzi pa foni n'kupalasa njinga kukaipereka kwa akulu a mapulogalamu. Anangomvetsera pang'ono, nkhope yakwinyika kale.

"Foni yakoyi yafa, mphwanga. Sukumva mmene ikukhosomolera?"

"Si foni, bwana. Ndi mmene amaimbira."

"Usandiphunzitse ntchito. Ubweretse zomveka bwino pofika Lachisanu. Apo ayi, mphindi zakozo ndiwonjezera a zaulimi."

Ndinapalasa njinga kubwerera kwathu. Ndinkaopa. Ndinkadziona nditabwerera kumunda, anthu akufunsa amayi kuti mwana wanu uja bwanji sakumvekanso. Komanso mnzangayo ndinkamudziwa: makani! Ndikanamuuza zoona akanangoti wailesiyo ikhale.

Ndiye ndinanama. Ndinamuuza kuti makina a ku wailesi salandira sipika yong'ambika, koma nyimbo ikangolowa, amaibwezera okha ukali wake. Bodza lopanda mutu ngati limenelo, abale! Anandiyang'ana nthawi yaitali, manja ali girisi yekhayekha.

"Chabwino," anatero. "Za kumeneko wodziwa ndiwe."

Lachinayi tinabwereka sipika ya kwaya ya kutchalitchi n'kulowa m'kalasi ina ana ataweruka. Gitala inalira mosalala, mwaulemu. Wang'oma ataona kuti akuiphimba, anayamba kumenya monyengerera. Mnzanga uja naye anapezeka kuti wasiya kukuwa, akungoimba. Ine foni m'mwamba, ndikupemphera kuti wina asandifunse kuti makinawo dzina lake ndi chiyani.

Akulu aja anakondwa kwabasi. "Waona? Izi ndiye nyimbo!" Mphindi zanga zinapulumuka.

Poti pulogalamuyo tinkajambuliratu, Loweruka ndinapita kukamvera nawo pomwe mnzangayo ankakonzera njinga. Sindikudziwa chimene ndinkayembekeza. Mwina ndinkaganiza kuti wailesi ichita phokoso, bodza langa libisale momwemo. Ayi ndithu, tsiku limenelo inagwira bwino kuposa masiku onse. Anthu anadzaza, ena atakhalira pa makaliyala a njinga. Anamveka mawu anga, kenako nyimbo. Ndinaona mnzangayo atapendeketsa mutu, akudikira kuti ukali uja uyambe. Anadikira mpaka nyimbo inatha.

Mayi wina wogulitsa tomato anaomba m'manja. "Eee, koma mwatembenuka mtima! Chonchi ndiye mudzatiimbire pa ukwati wa mwana wanga."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndinkadikira kuti mnzangayo anditukwane pagulu, ndipo ndikanakonda akanatero. Koma iye anangozimitsa wailesi, n'kutola sipanala, n'kugwada pa njinga yomwe ankakonza. Anayankhula osandiyang'ana.

"Zikomo, achimwene, mwatithandiza. Mawa musavutike n'kubwera, kwanu ndi kutali."

Chiyambire Sitandade Wani, munthu ameneyu anali asananditchulepo kuti inu.