Dizi ya Amayi M'munda wa Tiyi

Dengu lomwe amayi ankathyolera tiyi linali ndi zingwe zokulungidwa ndi chigamba cha chitenje kuti zisamawacheke m'mapewa. Dzinja limene ndinali Sitandade 3, chigambacho chinkabwera kunyumba chikununkha thukuta ndi masamba aawisi. Mpaka lero ndikadutsa pa Luchenza mvula itangokata, fungo limenelo limandipeza.

Amayi anali a sizoni pa esiteti: ankalembedwa ntchito mvula ikayamba, tiyi akachepa n'kuwaimitsa. Anthu a sizoni anali ndi mwambo wawo. Mawu oti "ndikudwala" sankanenedwa pamaso pa kapitawo, chifukwa ankakutumiza kuchipatala cha pa esiteti, ndipo akakupeza ndi matenda aakulu kapena uli ndi pakati, chaka chamawa dzina lako silinkaitanidwanso. Choncho unkangoti, "Bwana, dizi." Iye ankakulozera mthunzi, upume pang'ono, kenako ubwerere mumzere wako.

Ine mawuwo ndinakakumana nawo kusukulu. Aphunzitsi analemba pa bolodi kuti dizzy, n'kutiuza kuti ndi chizungulire. Pofuna kuti timvetse, anatitulutsa panja kuti tizizungulira mpaka kugwera pa udzu, tikufa nazo kuseka. Mnzanga wina anandiphunzitsanso mankhwala ake: ukazungulira chobwerera, zimatha.

Ndiye amayi akaima pakhomo atagwiritsitsa chitseko, maso ali tsinzi, n'kunena kuti, "Dizi chabe, mwanawe, ndipatse madzi," ine ndinkaona ngati nawonso amasewera kuntchito kwawo.

Amalume okha, omwe ankagwira ntchito kufakitale, ndi amene sanapusitsike. Tsiku lina anawatembenuza dzanja n'kuliyang'ana.

"Chemwali, zikhatho zanuzi zayera mbee. Pitani kuchipatala."

"Achimwene, ndikapita, anawa adzadya masamba a tiyi?"

Zimandipweteka kuti amalume sanawakakamize. Chizungulire chikanatchulidwa m'Chichewa, mwina azimayi a pamzere akanafunsa kuti chayamba liti. M'Chingerezi chinkamveka ngati kanthu kongofuna mthunzi ndi kapu ya madzi.

Amayi anagwa akudikira sikelo yoyezera tiyi, dengu lili kumsana. Anawanyamula pa thirakitala ya masamba. Kuchipatala anati magazi anali atachepa kwambiri, ndipo mwana amene anali m'mimba anapita padera. Zonsezi ndinazimva nditakula. Ntchito ija anaitayabe.

Atabwerera kunyumba anagona pa mphasa pakhonde, amalume atakhala pambali. Ine ndinaima pabwalo, ndinatambasula manja, n'kuzungulira uku ndi uku kuti aone bwino.

"Amayi, mukazungulira chobwerera zimatha!"

Anamwetulira, dzanja lili pamimba. Amalume anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba, ndipo ine ndinadabwa kuti munthu wamkulu ngati iwo akulirira chiyani pa nkhani ya masewera.