Ndodo ya Giya pa Lole ya Thonje

Galimoto ya mdzukulu wanga imasintha yokha magiya. Dzulo nditakwera, dzanja langa linasowa pogwira.

Ndili kamtsikana, amayi anadwala mwakayakaya. Atsibweni anatinyamula pa lole ya thonje kuchoka ku Phalula kupita kuchipatala ku Balaka. Amayi atayamba kubuula pambali panga, atsibweni anaika dzanja langa pa ndodo ya giya.

"Gwiritsa, mwana iwe. Ukasiya, lole iima."

Ndodoyo inkatentha, ikunjenjemera ngati nkhuku yogwidwa. Ndinaiyang'anitsitsa njira yonse, ndikudabwa kuti pansi pake pali chamoyo chanji. Amayi atachira, ndinkadzitama kuti ndinayendetsa lole ndine.

Ndinazindikira nditakula kuti ndodoyo sinkafuna woigwira. Atsibweni ankangofuna kuti ndisayang'ane amayi.