Tsiku Limene Ndinakana Kulowa M'holo ya Mzinda

Ndikukumbukira nyumba ya njerwa zofiira ija pakati pa mzinda wa Leicester kutsidya kwa nyanja, ya mawindo ataliatali a mafelemu oyera, ndi nsanja ya wotchi yomwe m'mawa umenewo inkasowera m'nkhungu. Ndinali kamtsikana, nditangobwera kumene kuchokera ku Zomba, ndipo ndinkakhulupirira kuti n'kwa mfumukazi. Ndinadzamva nditakula kuti ndi holo ya khonsolo chabe, ndipo kuti oimangawo ankatengera dala kamangidwe ka makolo awo akalekale, kuti ioneke yokalamba isanakalambe.

Mayi anga, omwe anali nesi, ankakwatiwa m'menemo ndi bambo wina yemwe ndinkangomutchula kuti ankolo a Phiri, dalaivala wa basi wa ku Zambia. Bambo anga anamwalira ndili wakhanda. Ine ndinali nditaziika m'mutu kuti mayi akalowa pachitseko chachikulu chija atuluka ali a munthu wina, ine n'kubwezedwa kwathu.

Ndiye anthu akulowa, ndinatsalira. Ndinakakhala pafupi ndi kasupe wa pabwalo, pomwe ziboliboli za mikango yamapiko zinkalavula madzi. Diresi linkandiyabwa, nsapato zikundithina. Kamvula kankawaza, kukumveka fungo la masamba onyowa ndi tchipisi. Ndinayang'anitsitsa mawindo aja mpaka nyumba yonse inaoneka ngati ikuyandama pang'onopang'ono, itanyamula mayi anga.

Amene anabwera kudzandifuna si mayi ayi. Anali ankolo a Phiri, suti itanyowa m'mapewa. Sanandikalipire. Anangokhala pambali panga pa benchi yonyowayo.

"Ngati iwe siungena, naine siningena," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka.

"Mayi akwiya," ndinayankha.

"Azakwiyira tonse. Tizagawana."

Nkhunda zinkatizungulira. Kenako ndinafunsa chomwe chinali kukhosi. "Mundibweza ku Zomba?"

"Napenta kudala chipinda chako. Cha yelo. Ukayenda, azagonamo ndani?"

Tinalowa titagwirana manja. M'katimo munkanunkhira polishi, ndipo masitepe ankaoneka osatha. Mayi anali pamwamba, maso ali gwa. Anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma ataona thalauzi la mkwati litanyowa kumbuyo konse, anagwira pakamwa n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika.

Lero mzindawu wadzaza nyumba zagalasi, ndipo ndikadutsa pabwalo paja popita ku shifiti sinditukulanso maso. Ana anga amayankha m'Chingerezi, koma dalaivala uja, yemwe tsopano anapuma ntchito, amamutchula kuti agogo. Ndayesa kukumbukira tsiku lomwe ineyo ndinasiya kunena kuti ankolo n'kuyamba kunena kuti adadi, koma silikubwera.