Nyumba yosanyamulika ya Miss Icilda

Zitsulo zonse za panyumba ya Miss Icilda ndinawotcherera ndine, za m'mawindo, za pakhonde ndi geti lomwe. Ntchito yanga ndimainyadira, sindibisa. Koma ndikamadutsa pamsewu n'kuwaona atakhala kuseri kwa zitsulozo, dzanja lili patsaya, kunyadako kumandithera.

Miss Icilda ndi alamu anga. Amuna awo, malemu Maas Lebert, anali mkulu wanga, mwana wa abambo aakulu. Mayiwa anachoka kuno kumapiri a Christiana ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, n'kukwera sitima ya ku England. Kumeneko anachapa nsalu za m'chipatala china ku Birmingham kwa zaka makumi anayi, mpaka zala zinapindika. Achimwene ankayendetsa basi. Anakumana komweko, anabereka mwana mmodzi, Paulette, ndipo moyo wawo wonse unali wodzimana. Chovala chabwino, tchuthi, ngakhale moto wokwanira m'nyengo yozizira, zonse ankati zidikire tsiku lobwerera ku Jamaica.

Malo oti amangepo analipo kale. Agogo athu, a Obadiah Facey, anagula maekala atatu paphiri pano, ndipo asanamwalire anasonkhanitsa ana awo n'kunena kuti: "Dothi ili ndi la ana anga ndi ana a ana anga, mpaka mbewu idzathe. Wofuna kulima alime, womanga amange, wakufa agone pomwepa. Koma wogulitsa ndidzamutsata." Pepala panalibe. Mawuwo ndiwo anali pepala.

Makolo athu ankadziwa kukhala pa dothi lotere. Ankamanga nyumba zamatabwa, zokhazika pamiyala. Ukayambana ndi abale, unkapha mbuzi, kugula mowa wa ramu, kuitana amuna makumi awiri, n'kukweza nyumba yako palole. Achimwene zimenezi ankazidziwa bwinobwino, koma England inali itawalowa m'mutu. Anadzutsa nyumba yosanja yakonkire, zipinda zisanu ndi zitatu, anthu ake awiri okha.

"Achimwene, konkire sanyamulika," ndinawauza choncho maziko akukumbidwa.

"Iwe Linval, ndiinyamule kupita nayo kuti? Ine ndafika. Tawotcherera zitsulo zakozo, nzeru usiyire anzako."

Anagulitsa nyumba yawo ya ku Birmingham n'kubwera. Alamu anafika ndi mtima woyera, atanyamula mphatso za mudzi wonse. Ankaganiza kuti anthu awalandira ngati mwana wobwerera pakhomo. Kumsika anakumana nazo tsiku loyamba lomwe.

"Miss England! Bwerani kuno, Miss England, zilazi zanga sizikana mapaundi!"

"Iwe mwana, ine ndinabadwira kuseri kwa phiri ilo, mayi ako asanamere mano."

"Eya, mayi. Nanga juzi dzuwa lonseli ndi ya chiyani? Mukuopa chipale chofewa?"

Msika wonse unafa ndi kuseka, ndipo ine ndinaseka nawo, Mulungu andikhululukire. Dzinalo linawamatirira mpaka lero. Kutchalitchi ankafika pa nthawi yake yeniyeni n'kupeza chitseko chokhoma. Akadandaula za madzi osowa pampope, anthu ankati akuyerekedwa. Tsiku lina anandiuza kuti: "Alamu, uko ankandiuza kuti bwerera kwanu. Ndabwerera, nanunso mukunditumiza komweko. Kwathu kumeneko ndi kuti?" Ine ndinangoyamba kukamba za mvula.

Achimwene anakhala m'nyumba yawo zaka zisanu zokha. Anagwa pampando akusewera madomino, ndipo tinawaika kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mayi awo, pamene pagona a Facey onse. Masiku asanu ndi anayi a maliro atatha, Paulette anakwera ndege kubwerera ku England, alamu n'kutsala okha.

Kenaka shuga anawapeza, mawondo anakana masitepe, zipinda zam'mwamba zinasanduka za abuluzi. Paulette ankaimba foni Lamulungu lililonse akulira. Iye amakhala m'kanyumba ka lendi ndi ana atatu, malo ogoneka munthu wina palibe. Anagwirizana kuti mayi agulitse nyumbayi, akapeze kachipinda pafupi ndi zidzukulu. Alamu anapepuka mumtima, anayambanso kuimba posesa.

Wogula anapezeka, bambo wina wochokera ku Toronto. Anazungulira nyumba, anayamikira zitsulo zanga, kenaka anafunsa chikalata cha malo. Loya wa ku Mandeville ndiye anamasula zonse: popanda chikalata palibe angagule, ndipo kuti chituluke, aliyense wa magazi a Obadiah asaine. Alamu magazi amenewo alibe. Anakwatiwa nawo chabe.

Mng'ono wathu Radcliffe, amene kulima kunamukana kalekale, ndiye anaithira mchere nkhaniyo. "Alamu, nyumba ndi yanu, palibe akukana," anatero atatsamira geti. "Dothi ndi lathu. Inyamuleni. Mbuzi ndipha ndine." Ndinafuna kumumenya mbama, koma mwamwambo sanalakwitse. Ndipo tonse tikudziwa kuti tsiku limene alamu adzatseke n'kuchoka, ana a Radcliffe adzalowa, pakuti wamagazi saletsedwa pogona pa dothi la agogo. N'chifukwa chake ngakhale kukacheza kwa Paulette kwa mwezi umodzi sapita. Amaopa kupeza thukuta la zaka makumi anayi litagawidwa.

Mayi ameneyu si wogonja msanga. Anagula kope n'kuyamba kulemba makalata ku London, ku Toronto, ku New York, mpaka ku Panama. Poyamba mayina anali makumi atatu ndi anayi. Ena anasaina. Ena sanayankhe. Ena phirili sanalipondepo chibadwire, mwina sangaliloze n'komwe, koma atamva kuti ali ndi dothi ku Jamaica anakana kwamtuwagalu. Choipitsitsa n'chakuti mmodzi akamwalira amasiya ana asanu, ndipo onsewo amalowa m'kope. Patatha zaka zinayi mayina anafika makumi asanu ndi awiri.

Dzina langa lili pachiwiri m'kopemo. Zaka zonsezo ndinkazemba, lero ndatanganidwa, mawa maso akuwawa. Mwezi wathawu anandiitana masana, anatsegula maloko onse atatu a pakhonde, n'kundiikira pepala ndi cholembera patebulo.

"Alamu Linval, mwandizungulitsa mokwanira. Akunjawo ndawamvetsa, sandidziwa. Koma inu mumadya pakhomo pano. Mukasaina inu, enawo atsatira."

Ndinawayankha kuti: "Alamu, mayi anga agona kuseriku. Mwana wanga woyamba agonanso pomwepo. Wa ku Toronto uja akamanga mpanda, ndizidzapempha chilolezo kuti ndikalimire manda? Ine kunja sindinapiteko, penshoni ndilibe, ndilibenso kwina kolowera. Changa ndi dothi lomweli."

"Ndiye mwakana."

"Ndakana, alamu. Zikundiwawa, koma ndakana."

Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo zikanandipepukira. Iwo anangopinda pepala lija bwinobwino, analilowetsa m'kope, n'kutenga ndodo yawo.

"Tiyeni kuseri," anatero.

Tinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha mawondo aja. Anadutsa manda a agogo, a abambo aakulu, a mayi anga, n'kukaima pa a amuna awo. Pakati pa mandawo ndi waya wa m'malire patsala kampata kongokwana munthu mmodzi, pomera udzu wa mbuzi.

"Mkazi wokwatiwa kuno amaloledwa kugona pano?"

"Amaloledwa, alamu. Pambali pa mwamuna wake."

Analowa pakampatapo, anayeza m'litali ndi ndodo, anayezanso m'lifupi. Kenaka ananditembenukira, maso ali gwa, opanda msozi.

"Apa pokha, pafunika asaine angati?"

"Palibe, alamu. Apa ndi panu."

"Chabwino. Muzipalambula. Paulette ndimuuza Lamulungu kuti asiye kundifunira chipinda."