Gerishon ndi Zitini Zitatu za Mavoti

Inu amene mwagwira tsaya lero chifukwa chinthu chimene mumachikonda chakukanani, senderani pafupi mumve za Gerishon wa ku Matandani.

M'chaka cha 1995, Gerishon anatsika matola pa Neno atasenza katoni yodzaza makaseti. Onsewo anali a nyimbo zake. Kuti akajambulitse ku Blantyre, anagulitsa mbuzi zonse zimene malemu bambo ake anamusiyira, ndi njinga yomwe. Pachikuto pa kaseti panali chithunzi chake atavala jekete yobwereka, akuyang'ana kumwamba ngati waona ndege.

Anapita nayo kaseti imodzi kwa wogulitsa makaseti pamsika kuti anthu alaweko. Nyimbo itangoyamba, mayi wina amene ankagula tomato anatembenuka n'kuuza wogulitsayo kuti asinthe mabatire, wailesi yayamba kukoka. Wogulitsayo anaikamo mabatire atsopano. Mawu anatuluka chimodzimodzi, kungoti tsopano mokweza.

"Achimwene," anatero wogulitsayo akumubwezera kaseti ija, "vuto si mabatire."

Palibe anagula. Azakhali ake, amene anawapatsa yaulere, anaibweza m'mawa mwake. Anati wailesi yawo amamverapo mauthenga a maliro, sakufuna kuti itengere matenda. Pasanathe sabata, ana a m'mudzi anali atamupatsa dzina. Akamadutsa ankakuwa kuti, "Mabatire Atha!"

Gerishon anasiya kutuluka m'nyumba. Khola linali pululu, lopanda mbuzi. Mkazi wake Stelia sanamunyoze, koma ankausa moyo mokweza ndithu kuti mwini wake amve.

Tsiku lina m'mawa anapeza katoni ija yapepuka. Atapita kukamunda kawo ka tirigu, anapeza Stelia akusolola ulusi wa m'makaseti n'kumaumanga pa timitengo kuzungulira munda. Ulusiwo unkanyezimira padzuwa, unkaliranso ndi mphepo, ndipo mpheta zimene zinkamaliza tirigu zinali zitakhala patali mumtengo, zikungoyang'ana.

"Bambo a Tione, musadandaule," anatero Stelia. "Nyimbo zanu zayamba ntchito. Onani mmene mpheta zikuziopera."

Madzulo ake anthu oyandikana nawo anabwera kudzapempha makaseti a minda yawo. Aka kanali koyamba kuti munthu afune kaseti ya Gerishon. Iye anaseka mpaka misozi, ndipo mwina misozi ina sinali ya kuseka. Kenako anatenga makaseti otsala n'kuwabisa kudenga.

Atakhala pansi n'kuganiza bwino, anavomera chinthu chimodzi. Tsiku lija pamsika, iyenso anamva kuti nyimbo zake zinali zokhota, ndipo akanatha kuloza malo enieni pamene zinakhotera. Khosi linamukana, koma khutu silinamukane.

Anali ndi wailesi ya makaseti imene mnzake wa ku Mozambique anamusiyira pochoka kumsasa wa othawa nkhondo ku Chifunga pobwerera kwawo. Anapezanso batire yakale ya galimoto. Loweruka lina masana anasenza zonsezi kupita pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika wa pa Neno, pamene Stelia ankagulitsira mandasi. Analengeza kuti aliyense amene ali ndi nyimbo imene amaikonda abwere nayo, anzake amveko.

Oyamba kubwera anabwera kudzamuseka. Koma Loweruka lotsatira kunafika aphunzitsi ndi achipatala ochokera kutali, makaseti ali m'matumba. Wa ku Karonga anabwera ndi za kwawo, wa ku Nsanje ndi za kwawo. Ankabwerekana makaseti, n'kumakangana kuti nyimbo yabwino ndi iti.

Mukumbukire kuti nthawi imeneyo anthu anali atangolawa kumene kuvota, ndipo chala chinali chikuyabwabe. Atakhala zaka zambiri akuyankhula moyang'ana kumbuyo, aliyense ankafuna kuti maganizo ake amveke, ngakhale pa nkhani ya gitala. Gerishon anaona kuti mkangano uthera pa zibakera, choncho anabweretsa zitini zitatu. Choyamba anachitcha Ibwerezeni. Chachiwiri anachitcha Tamva Nawo. Chachitatu, cha nyimbo zolephera, anachipatsa dzina lake lomwe lija, Mabatire Atha. Kuyambira pamenepo ana anasiya kumukuwiza, chifukwa chitonzo chimene mwini wake wachilemba pachitini sichikomanso.

Poyamba ankavota ndi njere za chimanga. Koma nkhuku ina inalowa pakati pa chisankho n'kudya mavoti ambiri a nyimbo ya rumba, ndipo eni nyimboyo anati nkhukuyo yatumidwa. Anasintha, n'kuyamba kuvota ndi timiyala.

Posakhalitsa panabadwa zipani. Panali a rumba, a nyimbo zauzimu, ndi a banjo. Ankachita kampeni m'mizere ya kuchipatala ndi m'mashopu. Mphunzitsi wina, mtsogoleri wa a rumba, anachoka mwadzidzidzi n'kulowa chipani cha zauzimu, ati waona kuwala. Kuwalako kunadziwika pambuyo pake kuti kunali namwino wina woyimba kwaya.

Gerishon sanalekere pomwepo. Anatsitsa makaseti ake aja kudenga, natseka timabowo take ndi timapepala kuti athe kujambulamonso, n'kuyamba kuyenda m'midzi. Ankajambula anyamata a mabanjo a zigubu, makwaya a m'matchalitchi a udzu, ndi amayi oyimba pamtondo. Mawu ake ankawafufuta ndi dzanja lake, n'kuikapo a anthu ena. Loweruka lililonse bwalo linkamva mawu atsopano a ku Neno komweko n'kuwavotera.

Ndiye kunabwera mayeso.

Batire ija ankaitchajitsa kwa a Jimu, mwini chigayo, amene anali ndi lole yokhayo yodalirika m'deralo. A Jimu ataona kuti oyimba akutchuka, nawonso anapeka nyimbo yotamanda chigayo chawo. Anaijambulitsa kwa Gerishon, akuomba ng'oma pa mgolo wa dizilo. Tsiku lovota anagula beseni lonse la mandasi a Stelia n'kugawira ovota. Anthu anadya, anathokoza mwaulemu, napita kukaponya timiyala. Chitini cha Mabatire Atha chinalemera mpaka kufuna manja awiri.

Gerishon ali kuseri kwa mtengo kuona zitini, a Jimu anamutsatira.

"Mphwanga, zitinizi n'zofanana," ananong'ona. "Ungosinthanitsa basi. Batire yako imadya kwa ndani kodi?"

Gerishon anayang'ana batire ija. Popanda iyo panalibe bwalo, ndipo popanda bwalo mandasi a Stelia sakanayenda malonda ngati mmene ankayendera. Komabe anawayankha mosabisa.

"A Jimu, ine anthu akanandiuza zoona ndisanagulitse mbuzi, bwenzi lero ndili ndi khola. Inu chigayo mukadali nacho. Chisungeni."

Anatuluka n'kulengeza zotsatira mmene zinalili. A Jimu anakwera lole yawo osatsanzika, atalumbira kuti batire imeneyo sidzalawanso moto wawo.

Kuyambira sabata imeneyo Gerishon ankasenza batire pamutu, kuwoloka mapiri kupita kwa makaniki wina amene anali kutali ndithu. Asidi ankadontha n'kumadya malaya. Stelia anati mwamuna wake wayamba kufanana ndi sefa. Mvula itayamba, njira inkaterera, ndipo tsiku lina munthu ndi batire anatsetsereka limodzi mpaka kumtsinje, batire ndi imene inafika poyamba. Anthu pabwalo anayamba kuchepa. Ena ankamuuza kuti akangopepesa kwa a Jimu, nyimbo ya chigayo ipambane kamodzi, palibe angafe. Iye ankangoseka, Loweruka n'kupezeka pansi pa mango paja.

Loweruka lina batire inathadi nyimbo ili pakati. Anthu anayamba kunyamuka. Gerishon anaimirira n'kupempha kuti ngati pali wina ali ndi nyimbo pakamwa, aiyimbe pompo, zitini zilipo. Onse anayang'ana pansi. Wina anati ayimbe yekha mwini bwalo, koma khamu lonse linakana mogwirizana.

Pamenepo panadzuka mayi wina dzina lake Mailesi, amene ankachokera ku Chifunga kudzagulitsa malambe. Ankakhala kumapeto nthawi zonse, ndipo anali asanaponyepo kamwala. Anapukuta manja pachitenje, n'kuyamba kuyimba nyimbo imene anapeka yekha. Inali ya mwamuna amene anapita ku Joni kukafuna chuma, n'kutumiza kumudzi chipewa chokha. Mkazi wake ankachiika chipewacho pampando, n'kumachiuza za ana, za denga lodontha, ndi za fetereza.

Anthu anaseka pa ndime yoyamba. Pofika ndime yomaliza, amayi ena ankapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, chifukwa zipewa zoterozo zinalipo m'nyumba zambiri. Povota, a rumba, a zauzimu ndi a banjo anaponya m'chitini chimodzi. Ibwerezeni chinasefukira, timiyala tina n'kugwera pansi.

Gerishon anamujambula Mailesi sabata yotsatira, napita nayo kaseti ku Blantyre. Kwina anamuuza kuti abwana achokapo. Kwina anamusiya pabenchi mpaka ofesi kutsekedwa. Anagona kwa msuweni wake ku Ndirande, m'mawa n'kuyambiranso. Pomaliza anabwerera kwa mkulu amene anajambula nyimbo zake zija poyamba. Mkuluyo atangomuona pakhomo ndi kaseti m'manja, anayamba kunena kuti makina awonongeka.

"Bwana, si ine ndayimba," anatero Gerishon. "Ndalumbira."

Mkuluyo anapumira m'mwamba, makina n'kuchira nthawi yomweyo. Anamvera nyimbo ya chipewa ija mpaka kumapeto, anaibwezanso, kenako anafunsa kuti mayiyu angafike liti.

Patapita miyezi, nyimbo ya Mailesi inamveka pa wailesi masana ena, msika wa pa Neno uli wodzaza. Woulutsa mawu anatchula dzina lake ndi kwawo. Mailesi anali pa malambe ake. Atamva mawu ake akutuluka m'shopu ya telala, anakhala pansi, nafunda chitenje kumutu ndi manyazi, anthu akumuvinira mozungulira. Gerishon anaima poteropo atavala malaya ake obowokabowoka, akumwetulira ngati wayimba ndi iye.

Kuchokera pamenepo bwalo la pansi pa mango linatchuka. Oyimba ankachokera ku Mwanza ndi ku Lisungwi kudzayesa nyimbo zawo asanawononge chuma ku Blantyre, chifukwa zinkadziwika kuti zitini za Gerishon sizidya mandasi. Ojambula a m'tauni nawo anayamba kumufunsa ngati kumapiriko kwatuluka mawu ena. Anatsegula kashopu ka makaseti, ndipo Stelia anaika tiyi ndi mabenchi pakhonde pake.

A Jimu anabwerera okha. Anakhala pabenchi lakutsogolo n'kusanduka wovota wovuta kuposa onse, wopeza cholakwa ngakhale pa kapumidwe ka woyimba. Mlendo aliyense ankamuuza kuti luso la Mailesi anayamba kuliona ndi iwo, ngakhale tsiku limenelo anali kuchigayo.

Abale anga, si aliyense wokonda nyimbo amene anabadwira kuyimba. Wina anapatsidwa mawu, wina anapatsidwa khutu, wina anapatsidwa mutu wosenzera batire kuti mnzake amveke. Ngati khomo limene mwagogoda lakana, musathawe pamudzi. Zungulirani nyumbayo, chifukwa ntchito yanu mwina ili kuseri, ikungodikira kuti mumalize kulira.

Pukutani m'maso, dzukani, ndipo osataya mtima.