Wamkulu Ndani Pa Mapasa a Donna

Mumsewu wawo wa nyumba zogundizana mumzinda wa Hull, Donna Pickersgill ankadziwika ndi chingwe chake choyanikapo zovala, chomwe sichinkakhala chopanda kanthu ngakhale mvula ikuwaza. Ntchito ya m'sitolo anaisiya kalekale. Iye ndiye ankasambitsa apongozi ake, a Maureen, kuwatikita miyendo, kuphikira nyumba yonse. Koma mwamuna wake Craig, dalaivala wa basi, akafunsidwa ankangoti, "Akazi anga sagwira ntchito."

Atabereka anyamata awiri, Donna anaimanso, ndipo kunabwera mapasa, Effie ndi Lottie. Thandizo la ndalama zolerera ana lochokera kuboma mwezi ndi mwezi linkathera pa mwana wachiwiri. Pa mapasa, lamulo lake linkati woyamba kutuluka ndiye mwana wachitatu, salandira kanthu. Womutsatira alandire, poti palibe amene akanamukonzekera.

Craig anaseka mpaka misozi. "Ndiye kuti mmodzi ndi wa boma, winayu ndi wathu! Waboma, kula msanga utigulire tchipisi!"

"Ukangobwereza, ukagona m'basi yakoyo," anatero Donna, osakweza mawu.

Mantha ake anali oti atsikanawo angakule wina akudziona ngati wobweretsa chakudya, mnzake ngati wongodya. Lamulolo aliyense mumsewumo ankalidziwa. Atsikanawo atangomva amene anabadwa koyamba, zinazo akanazipeza okha. Choncho Donna anatseka pakamwa, natseketsanso mwamuna wake.

Atayamba sukulu, tsiku lina mapasawo analimbirana mpando wa pawindo. Anathamangira kwa agogo awo, omwe Donna anali kuwapesa tsitsi.

"Agogo, wamkulu ndani?" anakuwa Effie. "Lottie akuti ndi iyeyo!"

A Maureen ankaiwala zambiri masiku amenewo, koma izi ayi, poti tsikulo anali kuchipatala konko. Anatsegula pakamwa. Chipeso chinaima m'tsitsi mwawo. Iwo anayang'ana dzanja la mpongozi wawo lomwe linali paphewa pawo, long'aluka ndi sopo.

"Tiana taphokoso inu," anatero, "ine ndi mano anga omwe sindikudziwa komwe ndawasiya. Funsani amayi anu."

"Munabwera limodzi," anatero Donna. "Mpandowo muzisinthana."

"Amayi, bodza! Khomo lotulukira linali limodzi!" anatero Lottie, koma anali atayamba kale kuthamangira kuwindo.

Donna anapitiriza kupesa, pang'onopang'ono, kuyambira kunsonga, momwe apongozi ake ankakondera.