Mzere wa Paphulusa

Mdzukulu wanga wandigulira foni yotsegula pojambula mzere ndi chala. Akuti popanda mzerewo wakuba sangaonemo kanthu, ati ndi nzeru za makompyuta. Ine ndamuyankha mokweza kuti ndi aneba omwe amve: zimenezo bambo anga anayamba kalekale ku Wimbe, chonsecho pakhomo pa sukulu sanapondepo.

Fodya akauma, bambo ankamuunjika m'kanyumba kopanda loko. Pochoka ankawaza phulusa pakhomo, n'kujambulapo ndi chala kamzere kokhotakhota kodziwa okha. Wolowa aliyense ankapondapo basi.

Tsiku lina masana mpira wanga wamasanza unagubudukira m'menemo kudzera pabowo la chitseko. Ndinautsatira. Fungo la fodya wouma linandikereketa pakhosi, lotsekemera ngati uchi wopserera. Potuluka ndinaona mapazi anga paphulusa, mzere utafufutika. Mkwapulo wa bambo ndinkaudziwa bwino. Ndinathamangira kukhitchini kukatapa phulusa lina, n'kuwaza, n'kujambula monga ndinkakumbukira.

Bambo atabwera kuchokera kumunda anaima pakhomopo nthawi yaitali, khasu lili paphewa.

"Iwe, tabwera kuno."

Ndinapita n'kuima pambali pawo.

"Wakuba wa lero ali ndi kachala kakang'ono," anatero. "Komanso wayambira kumanzere."

Anatula khasu, n'kunjuta, n'kufafaniza zonse ndi chikhatho. Kenako anagwira chala changa m'dzanja lawo lokhakhala, lakuda ndi utomoni wa fodya, n'kuchiika pansi.

"Uziyambira apa. Amayi ako usakawauze."

Phulusalo linali lofundabe.